Nalimata ndi Makina Amodzi a Mabwana Awiri

Padangokhala, ndipo inu muli apo muzivomera kuti tili tonse, chifukwa ine ndikamva zii nkhani ndimaisiya panjira.

Panali Nalimata, mayi wamasiye amene ankakonza makompyuta pakhonde la nyumba yoweruzira milandu. Zala zake zomata zija zinali chuma. Kamsomali kochepa bwanji sikankamupulumuka, ndipo galasi la makina linkamumvera akangolikhudza. Lilime lakenso linali loterera, koma zimenezo muziona nokha.

Masiku amenewo nyama zonse zinali zitagawikana pawiri chifukwa cha makina. Kunja makinawo ankaoneka ofanana, koma m'mimba mwake munkakhala antchito a mitundu iwiri. Ena ankayendetsedwa ndi chiswe, ena ndi akangaude. Makina a chiswe anali olimba ndipo ankalandira chipangizo chilichonse, ngakhale cha makedzana, koma ankachedwa kudzuka. Choipitsitsa, pamene iwe uli pachangu m'pamene chiswe chinkaima n'kulemba pagalasi kuti dikirani, tikumanga kaye chulu, musazimitse. Makina a akangaude anali achangu ndi okongola, koma ukalowa mu ukonde wawo sunkatulukamonso. Chingwe chinali chawo chokha, chaja yawo yokha, ndipo makina a mnzako sankawapatsa ndi moni omwe. Musaseke, maukwati anatha chifukwa cha nkhani imeneyi.

Otsogolera mkanganowo anali akuluakulu awiri. Woweruza wamkulu, a Nang'omba, ankalumbirira laputopu ya chiswe, poti mlomo wawo unkajompha bwino mabatani a kiyibodi pamene galasi silinkaumva n'komwe. Mkulu wa asilikali, a Njuzi, ankafuna tabuleti ya akangaude, galasi lokhalokha, poti zikhatho zawo zofewa zinkatsetsereka bwino pagalasi pamene mabatani ankawakola zikhadabo. Awiriwa sankayenderana, ndipo akakumana panjira aliyense ankayang'ana kwake. Ankafanana pa chinthu chimodzi chokha: onse ankadya abuluzi ndi abale awo.

Tsono Nalimata anaikira mazira awiri pakhoma, pamwamba pa chitseko cha nyumba ya milanduyo, chapafupi ndi denga. Inu mukuwadziwa mazira a nalimata. Akangouma amamatirira kukhoma, sungawasamutse, ukawakoka asweka. Mwamuna wake anali atatengedwa ndi kabawi, choncho mazira awiriwo ndiwo anali mtundu wake wonse.

M'mawa wina a Nang'omba akulowa kukaweruza anasolola khosi lawo lalitali lija n'kuima.

"Mayi, tiwiri toyera ito n'tandani?"

"N'tanga, bwana."

"Lero ndatuluka osadya kadzutsa."

Pakamwa pa Nalimata sipanachedwe.

"Bwana, dzira la nalimata silifika ndi m'mimba momwe, limathera pamlomo. Nanga ndikakupatsani laputopu yatsopano ya chiswe, yoti milandu muziilemba ngati mukutola mapira? Yanu ija ndaimva ikukhosomola."

A Nang'omba anaphethira. "Ibwere mawa. Ikamagwira ntchito, mazira ako ndawaiwala. Ikangondikhumudwitsa, ndidzawakumbukira."

Dzuwa litapendeka, a Njuzi anatulukira akuyasamula, poti iwo m'mawa wonse amakhala ali m'tulo. Ananunkhiza kamodzi, maso n'kulunjika pakhoma.

"Mazira," anatero. "Khoma ili ndikhoza kulikwera ndi mwendo umodzi."

"Mungakwere ndithu, akuluakulu," anayankha Nalimata. "Koma msilikali wamkulu ngati inu kunyambita timazira, tabuleti yanu ili ming'alu yokhayokha ngati chidendene? Mundisiyire anawa, mawa ndikubweretsereni ya akangaude, yatsopano, yosalala."

"Mawa," anatero a Njuzi. "Ikapanda kundisangalatsa, ndidzayamba ndi mazira iwe ukuona, kenako iwe."

Atachoka, Nalimata anangoti pansi khwaa. Analonjeza makina awiri, koma abwino anali nawo amodzi okha, omwe ankagwirira ntchito yake. Anali makina achilendo, oti nyama zina sizinkawadziwa poti ankawasunga m'bokosi. Ukawatsegula, inali laputopu, kiyibodi ili poyera. Ukakoka galasi, linkachoka n'kukhala tabuleti payokha, chifukwa nzeru zonse ndi batire zinali m'galasimo, kiyibodi inkangogwirira ndi maginito. Ukaziyandikizanso, ziwirizo zinkadumphirana zokha n'kulumana.

Anayang'ana makina, anayang'ana mazira. Woweruza amagwira ntchito m'mawa, msilikali masana, ndipo awiriwa salankhulana. Pamenepo nzeru inamugwera. Anatsegula mimba ya makinawo n'kumanga kakhoma pakati, kokhala ndi kachitseko kotseka bwino. Mbali ina analowetsa chiswe, mbali ina akangaude, aliyense akuyesa kuti nyumba yonse ndi yake.

Kutacha anasenza makina athunthu kupita nawo kwa a Nang'omba, chiswe chili maso, akangaude ali m'tulo.

"Nayi laputopu, bwana. Koma ili ndi mwambo umodzi. Batire lake ndi lakhanda. Dzuwa likafika paliwombo ndizibwera kudzaitenga kuti ikayamwe moto kwanga. Chaja ina iliyonse ingaiphe."

A Nang'omba anajompha mabatani, zilembo zinatuluka zoyera bwino, ndipo anavomera osayang'ana n'kumbali komwe. Masana a Njuzi analandira galasi lokha, akangaude ali maso, n'kuuzidwa kuti khandalo limayamwa kuyambira madzulo mpaka tsiku lotsatira masana. Nawonso anavomera, chikhatho chikuvina pagalasi.

Kuyambira pamenepo moyo wa Nalimata unali liwiro. Dzuwa likafika paliwombo ankathamangira kwa woweruza, kubwerera pakhonde, kuzula galasi, kubisa kiyibodi m'bokosi, kugoneka chiswe, kudzutsa akangaude, kupukuta galasi, kuliika pankhata, ulendo kwa msilikali. Panjira ankaimba kanyimbo kake kakafupi. Chiyambi chake chinkanyengerera mazira kuti akhwime msanga, pakati pake pankapempha dzuwa kuti liime pang'ono pamutu kuti iye afike, ndipo pothera pake ankaliza lilime monga amachitira analimata. Oyenda m'njira ankavomera ndi malilime awo, akuyesa ndi nyimbo yachisangalalo. Sankadziwa kuti woimbayo akuthamangira moyo wa ana ake.

Zinayenda bwino kwa kanthawi. Koma tsiku lina Nalimata atafika kudzatenga makina, anapeza a Nang'omba sakulemba. Anali chilili, kaubweya kachikasu kali kumlomo.

"Mayi, lowa. Tseka chitseko."

Nalimata anatseka.

"Aka ndakapeza m'mphepete mwa galasi. Ndipo galasi lonse likununkha mphaka. Tandiuza, makina anga akachoka pano amakacheza kwa yani?"

Mlomo uja unatsika mpaka unagunda pansi, pafupi ndi phazi lake. Nalimata anaganiza za mazira ali okhaokha pakhoma, ndipo anaseka.

"Ha, bwana, mwandigwira! Ndimafuna chikhale chinsinsi changa. Mbewa zimatafuna zingwe za makina, inu mukudziwa. Tsono ine ndimatola ubweya umene a Njuzi amayoyola m'njira, n'kumapaka pamakina anu. Mbewa ikangomva fungo, liwiro la mtondo wadooka."

A Nang'omba anapendeketsa mutu. "Ndiye kuti ubweya wa mkulu wa asilikali..."

"Ukulondera makina anu, bwana. Ulele."

Woweruza anaseka ndi mawu ake akuya aja mpaka khosi lofiira linagwedezeka. "Uzipaka wambiri! Njuzi mlonda wanga! Tenga, kayamwitse."

Nalimata anatuluka, ndipo dzuwa linali litadutsa kale paliwombo. Anazula galasi, anabisa kiyibodi, anathamanga. Nyimbo ija anaiimba mobanika, mawu akudumphana, ndipo pofika poliza lilime mpweya unali utatha. Pachangu chimenecho anaiwala chinthu chimodzi. Sanagoneke chiswe.

A Njuzi analandira tabuleti akung'ung'udza za kuchedwa, n'kuikhudza. M'malo mwa ukonde wonyezimira, pagalasi panatuluka chulu, ndi mawu aja odziwika: dikirani, musazimitse.

"Chiswe," anatero a Njuzi motsitsa mawu. Zikhadabo zinatuluka chimodzichimodzi. "M'nyumba mwanga muno. M'makina mwanga."

Chikhatho chinagwera pamsana pa Nalimata n'kumupanikiza pansi. Nthiti zinalira.

"Akuluakulu, musazimitse!" anafuula ndi kampweya kotsala. "Mwafika pa nthawi yake. Amenewo ndi akaidi!"

"Akaidi?"

"Akangaude anu anapita kunkhondo, akagwira chiswe cha m'makina a woweruza. Panopa akuchigwiritsa ntchito yakalavulagaga, kumanga chulu osadya. Taonani kuchedwa kwakeko. Ndi njala imeneyo."

Chikhatho chinapepuka. A Njuzi anayandikiza nkhope pagalasi, ndevu zikunjenjemera.

"Tachiuza chifulumire."

"Sichimva, akuluakulu. Ndi chiswe."

A Njuzi anagubuduka pansi ndi phwete. Nalimata anapempha kuti akatsekere akaidiwo asanathawe, anazungulira kuseri kwa galasi, anagoneka chiswe, anadzutsa akangaude. Pobwerera sanaimbe msanga. Anayamba wakhala pambali pa njira mpaka nthiti zinavomera kupuma.

Vuto linali lakuti mabodza awiriwo anakoma kwambiri, moti mabwana awiriwo analephera kuwasunga m'mimba. A Nang'omba anauza aliyense wobwera ndi mlandu kuti mkulu wa asilikali ndi mlonda wawo wothamangitsa mbewa. A Njuzi anauza asilikali onse kuti chiswe cha woweruza chikuwalimira ngati akapolo. Mawu anakumana pamsika. A mbali ya chiswe ndi a mbali ya akangaude anatukwanana, anaponyerana machaja, ena anathyoka nyanga. Mfumu Chipembere, yomwe inali yosachedwa kupsa mtima ndiponso yosaona patali, inatopa nalo phokosolo.

"Mawa," inalamula mfumu, "woweruza ndi msilikali abweretse makina awo pakhonde la milandu. Mphasa imodzi, nthawi imodzi. Amene apambane ndiwo dziko lonse ligwiritse ntchito. Wokonza makina uja ndiye adzawayale."

Nalimata atamva, mutu unaima. Anakwera khoma n'kugunditsa khutu pa dzira loyamba, kenako lachiwiri. M'kati munali kugwedezeka pang'ono, koma zigoba zinali zisanafike poswa. Ankafunikabe masiku. Kuthawa yekha akanatha, poti denga linali pomwepo ndipo palibe akanamupeza. Maganizo amenewo anamufikira ndithu, ndipo anachita nawo manyazi. Anawaimbira mazirawo nyimbo ija chapansipansi, mbali yonyengerera n'kuibwereza kambirimbiri, kenako anatsika kukafunafuna m'bokosi la zakutha.

Anapeza chibenthu cha galasi la zenera chofanana msinkhu ndi tabuleti. Anachifukiza pa koloboyi mpaka chinada bii ndi mwaye, ndipo ndi chala anajambulapo kachulu. Anachiimika pakiyibodi ndi phula. Nzeru yake inali yotere: m'mawa msilikali awale ndi galasi lenileni, woweruza adikire chulu. Dzuwa likafika paliwombo apemphe kukayamwitsa makanda onse awiri, akasinthe kuseri, masana woweruza awale, msilikali adikire. Mpikisano uthe wopanda wopambana, mfumu iitanitse tsiku lina, mazira apeze nthawi.

Kutacha khonde linadzaza. A chiswe anakhala uku, a akangaude uko, mfumu pakati. Nalimata anayala mphasa n'kuika makina awiriwo kumapeto, wina kutali ndi mnzake momwe mphasa inalolera.

Anayamba a Njuzi. Chikhatho kamodzi, ukonde unawala. Zithunzi zinathamanga, nyimbo zinalira, galasi analinyamula ndi dzanja limodzi n'kulizunguza m'mwamba kuti onse aone kupepuka kwake. Nthungululu zinamveka mbali ya akangaude.

"Tilembereni lamulo lalitali tione," anakuwa wina wa mbali ya chiswe. "Pagalasi mungalembe chiyani, moni yekha?"

"Nthawi yanu ikubwera," inatero mfumu. "Woweruza, yambani."

A Nang'omba anajompha batani. Zii. Anajomphanso. Zii.

"Mayi?"

"Chiswe chikumanga chulu, bwana," anatero Nalimata mokweza kuti onse amve. "Musazimitse."

Khonde lonse linafa ndi phwete, chifukwa panalibe nyama yosalidziwa khalidwe limenelo. Ngakhale a mbali ya chiswe anangozyolika, ena akupukusa mitu. Palibe anakayikira. Koma a Nang'omba anaweramira kwa Nalimata n'kunong'ona.

"Chikapanda kumaliza msanga, nkhomaliro yanga ili pakhoma paja."

Nalimata anasuzumira kumwamba. Dzuwa lomwe ankalipempha masiku onse kuti liziyenda pang'onopang'ono, lero linamvera. Linali likadali kutali ndi paliwombo.

"Ine sindikuona kanthu," inadandaula mfumu, ikutsinzinira timaso take. "Mwaziika kutali bwanji? Sendezani zonse pafupi ndi mphuno yanga."

"Mfumu, zisayandikane!" anatero Nalimata. "Chiswe ndi akangaude akanunkhizana..."

"Ndati sendezani."

"Batire lake ndi lakhanda, mfumu, likhoza kudzidzimuka..."

Mfumu sinadikire. Inakokera kiyibodi ndi nyanga, inalanda tabuleti m'manja mwa a Njuzi, n'kuziika pamodzi. Maginito anamvana. Kwaa! Tabuleti inadumpha, inakankha galasi lamwaye lija, ilo pansi phwaa, zidutswa balala. Pamphasa panaima makina amodzi athunthu, olumana bwinobwino.

A Nang'omba anatambasula khosi pang'onopang'ono n'kujompha batani limodzi. Chilembo chinatuluka pagalasi la a Njuzi, pakati pa ukonde wa akangaude.

"Makina anga," anatero a Nang'omba.

"Makina anga," anatero a Njuzi.

Anayang'anana, koyamba pa zaka zambiri. Kenako onse anayang'ana Nalimata, kenako pakhoma pamwamba pa chitseko.

"Mlandu wosavuta uwu," inatero mfumu itamva zonse. "Olakwiridwa ndi awiri, mazira ndi awiri. Aliyense limodzi. Mayiyu mugawane pakati."

A Njuzi anaimirira. A Nang'omba ananola mlomo pamwala wa khonde. Nalimata anagwada n'kuwomba m'manja. Kenako anayankhula.

"Mfumu yaweruza bwino, ine ndilibe chonena. Chisoni changa n'chimodzi. Dziko lidzati bwana woweruza ndi mkulu wa asilikali anadyera mbale imodzi, poti chiswe ndi akangaude n'chimodzimodzi."

"Chimodzimodzi?" anakuwa onse awiri.

"Nanga si mwagawana mofanana? Mfumu inaitanitsa wopambana, ndipo sanapezeke. Koma m'makinamu muli kakhoma, chiswe uku, akangaude uku. Ndikatsegula kachitseko, akumana okha, popanda wowathandiza. Amene chizindikiro chake chitsale pagalasi atenge zonse, makina, mazira onse awiri, ndi ine ndemwe. Wogonja apite kwawo ndi njala."

"Tsegula," anatero a Njuzi. "Akangaude anga samenya kawiri."

"Tsegula," anatero a Nang'omba. "Chiswe chimagwetsa nyumba."

"Chimenechi ndicho ndinabwerera," inatero mfumu. "Tsegula, mayi."

"Mwambo wake ndi umodzi," anawonjeza Nalimata. "Asilikali amalimba mtima mbuye wawo akamawayang'ana. Wochotsa maso pagalasi, wavomera kuti wagonja."

Analowetsa chala m'mimba mwa makina. Ankadziwa kuti kachitseko kameneko kakatseguka makinawo sadzadzukanso, ndipo ndiwo ankamudyetsa. Anakatsegula.

Galasi linathwanima. Panatuluka chulu, a chiswe anakuwa. Chulu chinazimirira, panatuluka ukonde, a akangaude analulutira. Chulu, ukonde, chulu, ukonde. Nyama zinapanikizana, zazifupi zinakwera pamisana ya zazitali, mfumu mphuno ili pagalasi penipeni. Nalimata anabwerera chambuyo, phazi limodzi, kenako lina, mpaka mchira unagunda khoma. Anayamba kukwera.

Khutu la a Njuzi linagwedezeka. "Mayi uja ali kuti?"

"Tembenukani mumuone," anatero a Nang'omba, maso ali gwa pagalasi.

"Tembenukani ndinu, muli ndi khosi lalitali."

"Ine chiswe changa chikupambana."

Palibe anatembenuka.

Nalimata anafika pa mazira. Nyimbo ija anaiimba komaliza, popanda mawu, milomo yokha ikuyenda. Sinalinso yonyengerera kapena yopempha dzuwa. Inali yopepesa kwa ana ake kuti akuwadzutsa nthawi isanakwane, ndipo lilime sanalize poopa kumveka. Ankadziwa kuti ngati m'katimo simunakhwime, wowapha akhala iye mwini, osati woweruza kapena msilikali. Zimenezo zinamuwawa kuposa chikhatho cha a Njuzi. Anatsinzina n'kumenya dzira loyamba ndi mphuno.

Linang'aluka. Kamutu konyowa kanatuluka, kanagwedezeka, timiyendo tinagwira khoma. Anakakankhira m'mng'alu wa pansi pa denga, kanalowa kokha.

Anamenya lachiwiri. Chigoba chinakana. Pansi phokoso linali litasintha, ndipo fungo la chinthu chopserera linafika mpaka kudenga.

"Zikutentha!" anakuwa wina. "Utsi!"

Anamenyanso, mphuno inachucha magazi. Anamenyanso. Pansi panamveka kuti phuu, galasi linada bii, lopanda chulu, lopanda ukonde. Panalibenso choyang'ana. A Nang'omba anadzutsa mutu.

"Uyo ali pakhoma!"

Chigoba chinasweka. Kamwana kachiwiri kanali lobodo, osagwedezeka. Nalimata anakatola ndi pakamwa n'kulunjika ku mng'alu. Mutu unalowa, mapewa analowa, ndipo pomwepo mlomo wa woweruza unatseka pamchira wake. Unakoka. Pansi pake zikhadabo za a Njuzi zinali kukala khoma, zikukwera. Zala zake zomata zinagwira njerwa, koma zinayamba kutsetsereka chimodzichimodzi. Kukuwa sakanatha, poti mwana anali m'kamwa.

Anaganiza kuti mchira ulibe mwana woyamwitsa, ndipo anadzikoka ndi mphamvu zake zonse. Ululu unamudutsa ngati mpeni. Mchira unatsala kumlomo, iye anagwera m'kati mwa mng'alu.

Kunja mchira uja unapulumuka n'kugwera pamphasa ukuphiriphitha.

"Ndaudula ndine!" anatero a Nang'omba.

"Wagwera mbali yanga!" anatero a Njuzi.

Anayambana pomwepo, nthenga ndi ubweya zili m'mwamba, mfumu ikufunsabe kuti kodi wapambana ndani. Nalimata zonsezo sanazimve. Mwana woyamba anali atamukwera kale pamsana. Wachiwiri anamugoneka pansi n'kuyamba kumunyambita, kumutu, kumsana, kumimba. Sanagwedezeke. Khungu lake linali lisanathe kupangika, lotuwa, lopyapyala moti kuwala kolowera pamng'alu kunkadutsa, ndipo mayi ankaona zam'kati zonse. Anaona kamtima, kakang'ono ngati njere ya mawere, kali duu.

"Dzuka, mwanawe," ananong'ona. "Ndakudzutsa msanga, ndikudziwa. Dzuka undikwiyire."

Anamunyambitanso. Anadikira, magazi akudontha kumene kunali mchira. Kamtima kaja kanagunda kamodzi. Kanaima. Kanagundanso, ndipo sikanaimenso.

Pamenepo Nalimata analira, kulira kumene anakusunga masiku onse aja akuseka pamaso pa mabwana.

N'chifukwa chake mpaka lero ana a nalimata ndi otuwa. Mukamupeza mmodzi pagalasi la zenera, kuwala kuli kumbuyo kwake, yandikirani mwakachetechete ndipo mudzaona zam'mimba mwake zonse. Musamunene kuti ndi wonyansa. Khungu lake silinathe kupangika chifukwa mayi ake sakanatha kudikira.

Yanga yazima pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule isanapserere.